Tinabzala Tchire

Zaka zisanu ndi ziwiri ndinabereka sipuleya kumsana
ngati mwana wosalira,
kupopera fodya wa eni ku Lisasadzi.
Zimene zinkagwa m'mizere kumbuyo kwanga sindinawerengepo.
Malipiro anali a pa ekala,
maliro a tizilombo sankandikhudza.

Ndiye chaka china maungu a Elufe anayanga dimba lonse,
maluwa achikasu mbwee,
koma timaungu tinkangofota,
n'kuthothoka tisanapose chala chachikulu.
Iye anayamba kulawira m'bandakucha ndi nthenga ya nkhuku,
kutapa mungu pa duwa ili, kukapaka pa duwa ilo,
mayi wa ana anayi
kugwira ganyu ya njuchi popanda womulipira.
Anandiyang'ana kamodzi kokha.
Sananene kanthu.

Ku banki m'khonde, kwa Santhe,
ine nditapita kukabwereka ya feteleza,
Nachanza anatseka bokosi la ndalama n'kufunsa:
"Ndani wamva bemberezi chaka chino?"
Zii.
Wina anati ndi mvula. Wina anati masiku otsiriza.
Ine ndinangoyang'ana zikhadabo zanga.

Tinapempha malo oipa, osalimbirana ndi munthu:
maenje a njerwa kuseri kwa sukulu,
ndi bwinja la chigafa chimene chinadya mitondo yonse ya kuno.
Olembetsa mayina tinalipo makumi awiri ndi mmodzi.
Tsiku la makasu tinafika asanu ndi anayi.

Mbande za bulugamu zinabwera zaulere,
tinathokoza, n'kuzibweza.
Tinakazungulira m'mphepete mwa manda,
kumene nkhwangwa imachita mantha,
kutola njere za msuku, mthethe, chitimbe ndi mpoza.
Fulakisoni anapalasa njinga kuchokera ku Bua,
katope ali pakaliyala,
mizu atakulunga m'thumba lonyowa.
Pansi pake tinasiya luni, chewe ndi mpungabwi,
zomwe khasu langa lakhala likudula
kuyambira ndili wa kabudula.

Odutsa mumsewu ankaima n'kugwira m'chiuno:
"Anzawo ali kalikiliki ndi soya,
awa akubzala tchire!"

Mbuzi za a Gilibati zinadya theka.
Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, kenaka tinatchinga ndi minga.
Mu Ogasiti anyamata osaka mbewa anayatsa moto,
tinauthamangira ndi nthambi zaziwisi,
chitenje cha Nachanza chinapsa m'mphepete.
Mmodzi tinamugwira, Yotamu, mbewa zili m'thumba.
Chilango chake chinali kuthirira mwezi wathunthu.
Lero ndiye amasunga kope,
amalembamo tsiku limene chomera chilichonse chachita maluwa,
ndipo salola aliyense kuligwira ndi manja amatope,
ngakhale aphunzitsi.

Ndisaname, njuchi sizinabwere ngati anthu a ukwati.
Anayamba ndi agulugufe awiri oyera
pa chithaphwi cha pamjigo.
Patapita masabata, tinjuchi titatu pa mpungabwi,
Yotamu anatilemba ngati alendo ofika usiku.
Kenaka m'mawa wina wa Febuluwale ndikumanga mpanda
ndinamva mzati wouma wa chigafa chija
ukulira m'kati,
utuchi uli pansi ngati gaga.
Anatuluka, wakuda bii,
n'kundizungulira mutu kawiri.
Ndinavula chipewa.
Mpaka pano sindidziwa chifukwa chake.

Misuku idakali yondilekeza m'chiuno,
masuku ake adzatola ndi ena.
Sipuleya ija ilipo, sindinataye,
tomato ali ndi adani ake.
Koma ndimadikira dzuwa lilowe,
ndimayamba ndaona kolowera mphepo,
ndipo nthawi zina ndimangoibwezera pa msomali.

Nthenga ya Elufe ili chitsomekere kudenga,
yachita mwaye.
Dzulo wabwera kuchokera kudimba
dzungu lili pamutu, khosi litauma gwa,
n'kulitula pamapazi panga.
"Nyamula," akutero, "ukapereke kwa Nachanza.
Lathu tikathyola Loweruka."